Lata Limene Limavomera

"Tulutsani zonse za m'matumba, bambo," anatero Mzime, atatchinga pa khomo la labotale ndi beseni lapulasitiki m'manja.

A Mbaliwali anapisa dzanja m'thumba monyinyirika. Munatuluka makiyi, tepi yoyezera, kasipanala, misomali yopindika ndi kachidutswa ka waya kamene anati n'kotokosera m'mano. Thumba linalo linalinso ndi katundu wake. Mzime anadikira mpaka beseni litalemera, kenako analoza wotchi, lamba ndi ndodo.

Pa ndodo m'pamene panavuta. Inali paipi yachitsulo imene anaipinda okha n'kuiveka labala kunsi. Anati munthu wodwala mwendo salandidwa ndodo, ngakhale apolisi satero. Mzime anawayankha kuti phewa lake lilipo, ndipo mulibe chitsulo.

"Nanga m'thupi mwanu? Mulibe chitsulo chimene madokotala anaikamo?"

"Ndine munthu ine, sindine geti," anatero a Mbaliwali, akutikita diso lamanzere ndi chala chachikulu, monga ankachitira nthawi zonse akanyansidwa.

A Mbaliwali anali wowotcherera zitsulo. Dzinalo anawapatsa ndi anthu a mumsewu wawo chifukwa cha moto umene unkathetheka pakhomo pa shedi yawo kuyambira m'mawa. Mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, akatungwe a m'sukulu za ana, zonse zinkachokera m'manja mwawo. Koma chaka chimenecho mwendo wamanzere unayamba kuchita dzanzi, kuchokera m'chiuno kutsikira kuzala. Poyamba ankaumenya ndi chibakera n'kupitiriza ntchito. Kenako unayamba kuwagwetsa. Tsiku lina anagwa chopalira zitsulo chikulira m'manja, ndipo chinangotsala pang'ono kuwadula ntchafu.

Dokotala anati vuto silili m'mwendo koma mumsana, pamene mtsempha wina ukuoneka kuti wapanikizika. Anati sangagwire msana wa munthu asanauone, choncho anawapatsa tsiku lokajambulidwa pa makina a MRI. Mzere wa makinawo unali wautali. Tsikulo analidikira mpaka kuliiwala, ndipo litayandikira a Mbaliwali ananena kuti sapita.

Zifukwa anali nazo. Mnzawo wina wokonza njinga analowa m'makinawo, mwezi usanathe anamuika m'manda. Komanso iwo anakhala ndi magetsi moyo wawo wonse, ndipo ankadziwa chimene magetsi amachita akalowa m'chinthu: amachisungunula. Akazi awo anawauza kuti wokonza njingayo anali atatha kale, makina anangoona zimene zinalipo. Anawakumbutsanso kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo kwawukwawu wa munthu wamkulu sasangalatsa. Ana aakulu anaimba mafoni, wina kukalipa, wina kulira. A Mbaliwali ankangoti, "Ndamva," n'kudula.

Mzime, mwana wawo wotsiriza, sanakalipe ndipo sanalire. Iye ankagwira ntchito m'labotale yoyeza mankhwala, pa makina otchedwa NMR, amene ali pachibale ndi a kuchipatala aja. Anapempha chilolezo kwa abwana ake, nauza bambo ake kuti abwere adzaone okha. Anati akaona n'kukanabe, sadzawavutitsanso. Apo ankanama, koma a Mbaliwali anabwera.

M'chipindamo munkazizira ngati m'firiji. Pakati panaima chithanki choyera cha miyendo, chachitali kuposa munthu, chili ndi makwerero pambali. Pansi anachizunguliza ndi mzere wachikasu. Mzime anakhazika bambo ake pampando wapulasitiki kunja kwa mzerewo, nawauza kuti asaudumphe. A Mbaliwali anachiyang'ana chithankicho kuchokera kumwamba mpaka pansi, nanena kuti amene anawotcherera miyendoyo ankaidziwa ntchito. Kwa iwo kumeneko kunali kuyamikira kwakukulu.

Mzime anati m'kati mwa thankiyo muli maginito amphamvu zedi, ndipo sazimitsidwa chaka chonse. Anamangirira pini ku ulusi, nalowa m'kati mwa mzere, nayandikiza piniyo kunsi kwa thanki. Pini inasiya kulendewera. Inadzuka n'kuloza thanki, ulusi utakungika ngati pali wina akuukoka. A Mbaliwali anati zimenezo n'zoseweretsa ana, maginito anawaona kale m'masipika a wailesi.

Kenako Mzime anatenga kabotolo kagalasi koonda ngati pensulo, muli timadzi ta mankhwala. Anakwera makwerero, nakatsitsira m'kamwa mwa thanki, nabwera kudzakhala pa kompyuta. Anafotokoza monga anaphunzirira: maatomu, haidirojeni, mafunde a wailesi, ndi liwu lalikulu la m'mabuku, rezonansi. Ankalankhula mothamanga, akuloza mizere yosongoka imene inatuluka pagalasi ngati mano a sowo yothyokathyoka. Atatembenuka anapeza bambo ake akuyang'ana mahinjesi a chitseko.

"Wamaliza?" anafunsa. "Ndamva kuti muli magetsi, muli maginito, ndipo mumaponyamo chinthu. Ndi zomwe ndinanena kunyumba. Ndipatse ndodo yanga."

Mzime sanawapatse ndodoyo. Misozi inali pafupi, koma analibe nthawi yake. Kenako anafunsa za malata aja otsamira khoma m'kati mwa shedi. Anati ali mwana ankaopa limodzi mwa iwo, chifukwa bambo ake akangoyatsa chopalira linkayamba kung'ung'udza lokha popanda wolikhudza. A Mbaliwali anati akulidziwa, ndi lalifupi lija la pafupi ndi khomo, ndipo lidakalipo.

"Bwanji ena aja sang'ung'udza? Phokoso n'lomwelo, likuwafika onse."

"Ukufunsa ngati sunakulire pakhomo panga. Lata lililonse lili ndi mawu ake, malinga ndi kutalika ndi kukhuthala kwake. Chopalira chikafika pa mawu a lata limenelo, limavomera. Ndikachizimitsa, chikamatsika liwiro, lalitali lija nalo limavomera pang'ono, kenako zii."

"Ndiye rezonansi imeneyo, bambo. Palibenso china."

A Mbaliwali anasiya mahinjesi n'kumuyang'ana.

Tsopano Mzime anayamba bwino, pang'onopang'ono. Anati m'madzi, m'mafuta ndi mumnofu wa munthu muli tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo kalikonse kali ndi kanjere pakati kamene kali ngati kamaginito. Tinjereto tikalowa m'maginito aakulu timazungulira mopendama, ngati nguli ikamatopa, pa liwiro lakelake. Apo makina amatumiza mafunde a wailesi, onga amene amabweretsa nyimbo m'nyumba. Mafundewo akasiyana liwiro ndi tinjereto, amangodutsa. Akafanana, tinjere timawalandira n'kupendama kwambiri. Makina akasiya kuitana, timabwerera m'malo mwake tikuyankha, ndipo makina amatchera khutu. Mzere uliwonse pagalasi ndi gulu limodzi limene lavomera. Magulu savomera pamodzi, chifukwa liwiro la kanjere limasintha pang'ono malinga ndi anzake amene kayandikana nawo. Choncho poona pamene mizere yaima, iye amadziwa ngati mankhwala ndi enieni kapena wina wasakanizamo zake.

"Ngati katungwe," anatero a Mbaliwali, amene anali atapanga akatungwe osawerengeka. "Mwana ukamukankha pa nthawi yake, chala chimodzi chikwana. Ukaphonya nthawi, ngakhale ukhale ndi mphamvu za ng'ombe, umangomugwetsa."

"Nanga lata lija linawonongeka chifukwa chong'ung'udza zaka zonsezi?"

"Lili bwinobwino."

"Kuchipatala n'chimodzimodzi. Aitana madzi a mumsana mwanu, madziwo avomera, iwo ajambula pamene avomerera. Palibe chimene chisungunuke."

Anakwera makwerero, natulutsa kabotolo kaja, nakapereka m'manja mwa bambo ake. A Mbaliwali anakayang'ana pakuwala, anakagwedeza, anakakhudzitsa patsaya kuti amve ngati katentha. Sikanatenthe. Anafunsa ngati mankhwalawo akadagwirabe ntchito, ndipo atamva kuti ali mmene analili, anabweza kabotoloko mosamala ngati dzira.

Sananene kuti apita. Anthu a mtundu wawo sanena. Koma pofika kunyumba anauza akazi awo kuti awafunire buluku la chingwe lopanda zipi. Kenako anazula mpini wa tsache latsopano n'kuudula msinkhu wa ndodo. Mayiwo anadandaula kuti m'nyumba yodzaza zitsulo munthu wasankha kuwononga chinthu chokhacho chamtengo, koma buluku anakalipeza tsiku lomwelo. Mzime atachenjeza kuti makina a kuchipatala amasokosa kwambiri ngati akukhoma, a Mbaliwali anaseka. Anati phokoso limene lingawaopseze iwo silinapangidwe.

Tsikulo anafika kuchipatala m'mawa, onse atatu. Pabenchi la m'khonde panali anthu ena odikira, aliyense ali ndwii. A Mbaliwali sanachedwe kutsegula sukulu. Pafupi nawo panakhala mayi wina womanga mpango kumutu. Anamufotokozera za malata, za nguli ndi za katungwe, namutsimikizira kuti m'makinamo sapsa munthu.

"Uyu ndi mwana wanga," anatero akuloza ndi mpini wa tsache. "Amayendetsa mng'ono wake wa makina amenewa. Ine ndakawayendera ndekha."

Mzime anayang'ana pansi. Mayi ake anauza mayi wa mpangoyo kuti mphunzitsi akumuonayu dzana lomweli ankabisala m'shedi akamva liwu loti chipatala.

Wojambula anatuluka, mayi wamfupi wa yunifolomu yobiriwira, naima patsogolo pa a Mbaliwali. Anafunsa ngati anachitidwapo opaleshoni, ngati ali ndi batire la mtima, ngati ali ndi mano ochotsa. Zonse anati ayi, monyadira. Atafunsa ntchito yawo n'kumva kuti ndi owotcherera, anawayang'anitsitsa.

"Chitsulo chinayamba chakulowani m'diso, achikulire? Ngakhale kalekale?"

"Ayi," anatero a Mbaliwali mofulumira.

Wojambula anati adikire pang'ono chifukwa m'kati muli wina akumaliza, nalowa n'kutseka chitseko.

Mayi a Mzime ankapinda ndi kupindula kansalu kopukutira thukuta. Kenako analankhula osayang'ana munthu.

"Nanga chaka chija ndinali ndi pathupi pa uyu?"

"Mayi, khalani chete," anatero a Mbaliwali.

Sanakhale chete. Anauza Mzime kuti bambo ake ankadula paipi osavala magalasi, ndipo kachitsulo kanathethekera m'diso lamanzere. Anakhala masiku diso lili psuu ngati khala la moto, akukana chipatala monga mwa khalidwe lawo. Atapita, dokotala wa nthawi imeneyo anachotsa kachidutswa kamodzi, nanena kuti adzabwerenso chifukwa mwina kena katsalira m'kati. Diso litasiya kuwawa, sanabwererenso.

Mzime anayang'ana diso lamanzere la bambo ake. Diso limenelo analiona likutikitidwa moyo wake wonse, ndipo ankayesa kuti ndi chizolowezi chabe.

A Mbaliwali anasendera pafupi, natsitsa mawu kuti a pabenchi asamve.

"Tamvera, Mzime. Unandiphunzitsa wekha. Makina amaitana madzi, pa liwiro la madzi. Chimene sichili pa liwiro limenelo sichivomera, mafunde amangochidutsa. Chitsulo si madzi, chili ndi mawu ake ena. Chikhala phee ngati malata ena aja. Ndanama?"

Kuipa kwake kunali kwakuti sanalankhule zopusa. Phunziro analimva bwino, koma theka lake.

"Za kuitana mwamva bwino, bambo. Koma m'makinamo muli zinthu ziwiri. Mafunde amaitana, ndipo amasankha woitana. Maginito saitana, amangokoka. Pini ija ndinaiimbira nyimbo yanji kuti idzuke?"

A Mbaliwali anakukuta mano. Kenako anayamba, motsitsabe koma mowawa. Anati zaka zapita zambiri, ngati kanalipo kanadyedwa kale ndi dzimbiri. Anati nkhaniyi ikangomveka, tsiku lawoli lipita kwa wina, iwo abwerera kumchira kwa mzere, ndipo pofika tsiku lina mwendo udzakhala utafa. Wowotcherera amene saima ndi miyendo yake si wowotcherera, ndi mlonda wa shedi. Anati banja lonse linawakoka ngati mbuzi yopita kumsika, lero abwera okha ndi mtima wawo, ndiye omwe aja akufuna kuwabweza pakhomo.

"Diso ndi langa, mwendo ndi wanga. Ukatsegula pakamwa, usadzapondenso pashedi panga."

Zonsezo zinali zoona kupatula za dzimbiri, ndipo Mzime ankadziwa. Analimbana kwambiri kuti awafikitse pabenchi limeneli. Mwina m'disomo munalibe kanthu. Mwina akanalowa n'kutuluka akuseka, akuuza aliyense kuti phokoso lake ndi la ana. Anayang'ana mayi ake, koma mayiwo anali atanena zawo, ndipo tsopano ankayang'ana kansalu kawo. M'maganizo mwake Mzime ankaonabe ulusi uja utakungika.

Chitseko chinatseguka, wojambula anaitana. A Mbaliwali anadzuka ndi mpini wawo wa tsache, mutu uli m'mwamba. Mzime anadzuka nawo.

"Achemwali, bambo anga chitsulo chinawalowapo m'diso lamanzere. Sitikudziwa ngati chinatuluka chonse."

Wojambula sanakalipe, sanadabwenso. Anati owotcherera ambiri amaiwala. Anati palibe kulowa mpaka diso liunikidwe pa ekiselo, ndipo chipinda chake chili kumapeto kwa khonde lomwelo. Likapezeka loyera, ayesa kuwalowetsa masana. Kenako anaitana mayi wa mpango uja kuti alowe m'malo mwawo. Mayiyo podutsa anathokoza a Mbaliwali chifukwa chomulimbitsa mtima.

"Mayi, muuzeni mwana wanu atsale pompano," anatero a Mbaliwali kwa akazi awo, ngakhale mwanayo anali ataima pamphuno pawo. Ku ekiselo anapita ndi akazi awo okha, mpini ukugogoda pansi.

Mzime anatsala pabenchi. Foni inalira, mkulu wake akufuna kumva ngati alowa. Sanayankhe. M'kati mwa chipinda makina anayamba kukhoma, ndipo iye anakhala akumvetsera nthawi ya bambo ake ikutha pa msana wa munthu wina. Anadzifunsa ngati akanatha kukhala chete. Yankho linali lomwe lija, choncho anasiya kudzifunsa.

Makolo ake atabwerera, wojambula anawaitanira onse ku kompyuta yake. Pagalasi panali chigaza chotuwa, ndipo m'bowo la diso lamanzere munali kadontho koyera ngati kanjere ka mchenga. Wojambula anakaloza ndi cholembera. Anati maginito akanatha kukatembenuza pamene kakhalapo, ndipo m'diso mulibe malo oti chinthu chitembenukiremo.

A Mbaliwali anawerama, nayang'ana nthawi yaitali, ngati akufufuza mng'alu pa geti yowotcherera munthu wina. Chala chachikulu chinanyamuka kupita kudiso, koma chinaima panjira n'kubwerera.

"N'ka paipi ija," anatero. "Ndinaimaliza tsiku lomwelo, ndi diso limodzi."

"Ndiye tikuombereni m'manja?" anafunsa akazi awo.

Wojambula anati dokotala wa maso aone ngati kangachotsedwe. Kakachoka, adzawapezera tsiku lina pa makina ake, ndipo adzayesetsa kuti lisatalike. Kakakanika, alipo makina ena opanda maginito. Saonetsa mitsempha bwino ngati awa, koma dokotala wa msana angayambirepo. Njira zonse ziwiri zinkayambira kwa a maso, pansanjika yapamwamba, ndipo anachenjeza kuti kumeneko kumakhala anthu ambiri.

Ali m'khonde, Mzime ananena kuti angathe kubwera tsiku lina bambo atapuma, popeza sanadye kanthu chidzukire. Ankauza mayi ake, chifukwa sankadziwa ngati akuloledwabe kulankhula ndi bambo ake.

"Zengerezu," anatero a Mbaliwali, osamaliza.

"Mwambi wanga umenewo," anatero akazi awo.

A Mbaliwali anayang'ana masitepe, nayang'ana mpini wa tsache, umene unalibe labala kunsi ndipo unkaterereka pasimenti yosalala. Anaupereka kwa akazi awo, nati akaubwezere ku tsache lawo, afupike nalo posesa. Kenako anaika dzanja paphewa la Mzime, dzanja lolemera, la zipsera za moto. Sanamuyang'ane.

Mzime ananyamuka ndi mphamvu, kufuna kuwakweza.

"Usandikoke," anatero a Mbaliwali. "Yenda liwiro langa."

Mzime anabweza phazi, nadikira mwendo wadzanzi uja ufike, ndipo sitepe yoyamba anaikwera limodzi.